Mchenga Umodzi, Alendo Awiri: Nchito Yanga pa Chisumbu cha Zakynthos

Abale anga owerenga nyuzi ino, ambiri a inu mudziwa bwino za kuchoka kwanu ndi kukagwira nchito ku dziko la eni. Ena mwaona Johannesburg, ena Harare, ena migodi ya ku Kitwe ndi ku Hwange, kotero sindingathe kukuphunzitsani kanthu za kumanga katundu ndi kutsazika amai pakhomo. Koma ulendo umene ndifuna kukusimbirani lero uli wa mtundu wina, pakuti ine ndinapita kukagwira nchito yopanda malipiro, nchito imene ana a m'makoleji amakagwira pa nthawi ya tchuthi kuti manja ao azolowere zimene makutu ao anamva m'kalasi. Ndinakhala masabata 11 pa chisumbu cha Zakynthos m'dziko la Greece, kuyambira pakati pa Juni kufikira kutha kwa Ogasiti, ndipo nchito yanga inali yolonda mazira a akamba a m'nyanja. Musafulumire kuseka. Chifukwa cha mazira amenewa anthu akangana zaka zambiri, ndipo boma lonse la Greece linafika poimbidwa nao mlandu.

NJIRA YAKE

Ulendo uyamba ndi mapepala. Munthu wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa salowa m'Greece wopanda viza ya Schengen, ndipo viza imeneyi imlola kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 ali onse. Popempha afuna kuona kalata ya amene akuitana, tikiti yobwererera, ndi umboni wakuti uli nazo ndalama zodyera.

Ndege inanditula ku Athens, mzinda waukulu wa dzikolo. Pamenepo ndinakwera basi yolowera kumadzulo, ndipo tinaoloka pamwamba pa ngalande yakuya ya ku Corinth, imene anthu anaikumba m'thanthwe ndi kuitsegula mu 1893 kuti zombo zizidutsa. Tinapitirira mzinda wa Patras mpaka kufika pa doko la Kyllini. Apa basi yathu yonse, pamodzi ndi malole ndi magalimoto ena ambiri, inalowa m'mimba mwa chombo chachikulu, chakuti Ilala yathu itaima pambali pake ingaoneke ngati mwana wake. Patapita ola limodzi ndi mphindi pang'ono tinakocheza pa Zakynthos. Ndinasiya kwathu anthu akuotha moto wa mwezi wa Juni, koma kuno ndinapeza dzuwa lowawula ngati la Okutobala ku Nsanje, ndipo silinalowe mpaka cha m'ma 9 koloko madzulo.

CHISUMBU NDI ANTHU AKE

Zakynthos chiri m'nyanja ya Ionian, kumadzulo kwa Greece. M'litali mwake muli makilomita ngati 40, ndipo kukula kwake kuposa Likoma koposa ka 20. Eni ake ali ngati 40,000. Kumadzulo kwake kuli mapiri ndi maphompho oyera otsikira m'nyanja, malo osakochezeka. Kum'mawa kuli chigwa cha chonde chodzala ndi mitengo ya azitona ndi minda ya mphesa. Mphesa zina ziri zazing'ono zakuda, aziyanika pa dzuwa monga tiyanikira mfutso, ndipo kale ndizo zinali chuma cha chisumbuchi, zogulitsidwa mpaka ku England.

Anthu a ku Venice analamulira pano zaka zoposa 300 kufikira 1797, ndipo ndiwo anachitcha duwa la kum'mawa. Pambuyo pake Angerezi anachisunga ngati dziko lotetezedwa, monga anachitira ndi Nyasaland, mpaka mu 1864 pamene anachipereka kwa Greece. Dionysios Solomos, amene mau ake ndiwo nyimbo ya fuko la Agiriki, anabadwira pano mu 1798. Koma mukayenda m'tauni simudzaona nyumba zambiri zakale, chifukwa pa 12 Ogasiti 1953 kunachita chibvomezi choopsa, moto nutsatira pambuyo pake, ndipo zinatsala ziri chiriri nyumba zazikulu zowerengeka chabe. Imodzi ya izo ndi tchalitchi cha Dionysios Woyera pa doko, kumene anthu a chisumbu chonse asonkhana pa 24 Ogasiti chaka ndi chaka. Tauni ya lero anaimanganso ndi simenti ndi zitsulo, ndipo nyumba zake siziri zazitali, pakuti nthaka igwedezekabe nthawi ndi nthawi.

Nkhani ya chibvomezi muisunge, chifukwa ndiyo ifotokoza mtima wa anthu a kuno. Makolo ao anataya zonse tsiku limodzi, ambiri nathawira ku maiko ena kukafuna nchito. Tsono pamene ndege zodzala ndi alendo a ku Ulaya zinayamba kutera m'zaka za m'ma 1980, anthu anaona kuti umphawi wao watha. Munda wa mphesa wa pafupi ndi nyanja unasanduka hotela, ndipo mwana wa mlimi anasanduka mwini mabwato.

ALENDO AWIRI

Kum'mwera kwa chisumbu kuli gombe lalikulu lopindika ngati uta, dzina lake Laganas. Madzi ake ali osaya ndi ofunda, mchenga wake wosalala, ndipo chifukwa cha zimenezi alendo a mitundu iwiri alikonda. Oyamba ndi azungu a pa tchuthi, makamaka a ku Britain, amene abwera kuyambira Meyi mpaka Okutobala kudzasamba ndi kugona pa dzuwa. Achiwiri ndi akamba a m'nyanja, amene Agiriki ndi akatswiri omwe awatcha Caretta caretta. Iwowa abwera miyezi yomweyo, pa mchenga womwewo, koma anayamba kubwera kalekale kusanakhale hotela kapena munthu.

Kamba ameneyu afanana ndi nkhasi ya m'mitsinje mwathu, koma ali wamkulu zedi: chigoba chake chifika masentimita 80, mutu wake uli waukulu ndi nsagwada zophwanya nkhanu ndi nkhono, ndipo m'malo mwa miyendo ali ndi zopalasira ngati nkhafi. Wamphongo sapondanso pamtunda moyo wake wonse. Wamkazi yekha ndiye atuluka usiku, kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, nakumba dzenje lakuya ngati theka la mita, naikira mazira oposa 100 ozungulira ndi ofewa khungu, nakwirira, nabwerera m'madzi. Achita chomwecho kawiri, katatu kapena kanai pa nyengo imodzi, masabata ngati awiri pakati pake. Safungatira, dzuwa ndilo lifungatira, kwa miyezi ngati iwiri. Inu amene mwafika ku gombe la kumpoto kwa KwaZulu-Natal kapena ku Ponta do Ouro ku Mozambique, dziwani kuti mtundu womwewu uikiranso kumeneko, ndipo ku South Africa anayamba kuwerenga zisa zao mu 1963.

M'gombe la Laganas muli madambo a mchenga asanu ndi limodzi: Gerakas, Dafni, Sekania, Kalamaki, Laganas wa kum'mawa, ndi kachisumbu ka Marathonisi. Onse pamodzi safika makilomita 6, koma pa chaka papezeka zisa zoposa 1,000, ndipo ndi amodzi a malo ofunika koposa a akamba amenewa m'nyanja yonse ya Mediterranean. Dimitris Margaritoulis ndiye anazindikira zimenezi mu 1977, ndipo mu 1983 iye ndi anzake anayambitsa bungwe loteteza akamba limene lero litchedwa ARCHELON. Bungweli lilandira anyamata ndi atsikana a maiko ambiri nyengo yotentha iri yonse, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo. Tinagona m'matenti, tinaphika mosinthana, ndipo ali yense anatsuka mbale pa tsiku lake, kaya kwao ali mwana wa ndani.

NCHITO YA MAMAWA NDI YA USIKU

Nchito yoyamba ndi ya m'banda kucha. Tinadzuka kusanayere, atatu atatu, ndi kuyenda m'mbali mwa madzi kufuna mapazi. Kamba akatuluka asiya mkukuluzi pa mchenga wonga wa tayala la thirakitala, umodzi wokwera ndi wina wotsika. Koma si mkukuluzi uli wonse uli ndi chisa, pakuti nthawi zambiri kamba atuluka, napeza mchenga wouma kwambiri kapena mpando wosiyidwa panjira pake, nabwerera osaikira. Ine wobadwira m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndinazolowera kuyambira ubwana kuwerenga mapazi a ng'azi ndi a katumbu, ndipo luso limeneli linandithandiza msanga. Tikapeza chisa tinayeza kutalika kwake kuchokera kumadzi, tinalemba tsiku ndi malo m'buku, ndipo pa madambo ofikako anthu tinaikapo chotchinga chokhala ndi chikwangwani kuti wina asapondepo kapena kuzikapo ambulera.

Nchito ya usiku ndiyo ifuna mtima. Mukhala chete mumdima, osayatsa tochi, osasuta fodya, osalankhula mokweza, chifukwa kamba asanayambe kuikira achita mantha ndi kanthu kakang'ono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadekha mausiku anai ndisanaone kanthu. Usiku wachisanu chinthu chakuda chinatuluka m'mafunde, chikupuma mokoka ngati munthu wosenza thumba la chimanga pa chitunda. Tinadikira kufikira atayamba kugwetsa mazira, pakuti pamenepo sasamalanso za munthu. Ndipo tinakwawa chamimba kumbuyo kwake ndi katochi kofiira, tinayeza chigoba, ndi kuyang'ana ngati ali ndi kachitsulo ka nambala pa chopalasira chake. Anali nako, kutanthauza kuti anzathu a zaka zapita anakomana naye pa gombe lomweli. M'maso mwake munali kutuluka madzi, ndipo alendo amati alira ndi ululu, koma imeneyo ndi njira imene thupi lake litayira mchere wa m'nyanja.

Nchito yachitatu, ya masana, ndiyo yobvuta koposa zonse, chifukwa iri ya anthu. Mu 1999 boma linalengeza gombeli kukhala malo otetezedwa, ndipo pali malamulo: munthu asapezeke pa mchenga woikira akamba kuyambira kulowa kwa dzuwa mpaka m'mawa, osamba akhale pafupi ndi madzi, pa mchenga wonyowa, asakwere kumtunda kumene kuli zisa, mabwato ayende pang'onopang'ono, ndipo mbali ina asafikeko konse, ngakhale ndege siziloledwa kutera kapena kunyamuka pakati pa usiku pa nyengo imeneyi. Ku Sekania, kumene kuli zisa zothithikana koposa, salowako munthu koma owerenga zisa okha, ndipo bungwe la WWF linagula malo a kumtunda kwake mu 1994 kuti pasamangidwe kanthu. Ife sitinali apolisi, tinalibe mphamvu yogwira munthu. Chida chathu chinali pakamwa. Tsiku lonse unayenera kupita kwa munthu amene walipira ndalama zambiri kuti apumule, ndi kumpempha mwaulemu kuti asunthe nsalu yake, kapena kuti mwana wake akwirire dzenje limene wakumba. Ambiri anabvomera mokondwa atangomva chifukwa chake. Ena anatiyang'ana ngati ntchentche yagwera m'tiyi.

MAU A MWINI DZIKO

Pa dambo lina panali bambo wachikulire wobwereketsa mipando ndi maambulera. Masiku oyamba ndikampatsa moni wa kalimera, ndiko kuti mwadzuka bwanji, anangogwedeza mutu, pakuti anaona malaya a bungwe amene ndinabvala. Koma tsiku lina la dzuwa loopsa anandiitana kumthunzi, nandipatsa madzi ozizira ndi nkhuyu za m'munda mwake, ndipo tinacheza m'Chingerezi chothyokathyoka.

Iye anati, "Mwana wanga, munda uwo uli kumbuyoko unali wa agogo anga. Mnzanga amene munda wake uli tsidya la malire a boma anamanga hotela, ndipo ana ake anaphunzira ku Athens. Ine anandiuza kuti ndisamange, chifukwa cha kamba. Sindidana naye kamba, ndakula ndikumuona. Koma kamba salipira sukulu ya adzukulu anga."

Ndinati, "Bambo, nanga akamba akatha, alendo aja okwera mabwato kukawaona adzabweranso kodi?"

Anaseka, nati, "Adzabwera ndithu, koma kudzamwa mowa. Funso lako ukafunse amene anatilonjeza chipukuta misozi."

Mau amenewa ndinawasunga. Nkhani ya gombeli siiri ya anthu abwino ndi anthu oipa. Mu Januwale 2002 khoti lalikulu la maiko a ku Ulaya linagamula kuti Greece yalephera kuteteza akamba a pa Zakynthos monga inalonjezera, ndipo chigamulocho chinali choona. Koma dandaulo la mkuluyu lirinso loona. Lamulo lolembedwa ku Athens kapena ku Brussels silingathe kulonda dzenje la mazira usiku. Alonda ake eni eni ndi anthu ogona pafupi nalo, ndipo munthu salonda chinthu chimene chimsaukitsa. Ndinakumbuka chisumbu cha Mbenji ku Salima, kumene mfumu itseka usodzi miyezi ya dzinja, ndipo asodzi amvera chifukwa aona ndi maso ao kuti potsegula nsomba zichuluka m'makoka mwao.

Lero kamba wayamba kulipira pang'ono. M'masitolo monse agulitsa zidole ndi malaya a chithunzi chake, ndipo mabwato ambiri adya za alendo ofuna kumuona akusambira. Koma walira mvula walira matope. Tsiku lina ndinawerenga mabwato asanu ndi awiri atazinga kamba mmodzi wamkazi amene anali kupumula m'madzi osaya kudikira usiku, ndipo pamene anatulutsa mutu kuti apume, anthu onse anapfuula ndi kukweza mafoni ao.

ANA ATULUKA

Kumapeto kwa Julaye mazira oyamba anayamba kuswa. Tiana take tiri tating'ono tokwana pa chikhato, takuda, ndipo tikwera pamodzi m'dzenje masiku angapo, tina kukankha tinzake, kufikira usiku mchenga utazizira titumphukira kunja ngati inswa pa chulu. Tidziwa kumene kuli nyanja poona kuwala, chifukwa mwa chilengedwe kumadzi kuwala koposa kumtunda. Apa ndipo pali tsoka la magetsi a mahotela ndi a mabala. M'mawa wina tinatsata timapazi ta chisa chonse, ndipo m'malo molunjika kumadzi tinakhotera kumtunda kutsata nyali ya pamseu. Tinapeza tina tamoyo m'maudzu, koma tambiri tinali titauma kale ndi dzuwa.

Tinaphunzitsidwa kuti kamwana kotsalira m'mawa usakanyamule kukaponya m'madzi, ngakhale ukamvere chisoni chotani. Kayenera kuyenda kokha kuti zopalasira zake zilimbe. Chimene tinachita ndi kusalaza njira yake ndi kukatchingira dzuwa ndi nsalu, alendo ataima mizere iwiri mbali ndi mbali. Ndinaona azibambo akuluakulu, amene dzulo lake anakana kusuntha mpando, atagwira nsalu zao mosamala ngati anyamula mwana wakhanda.

Chisa chikatha kuswa tinachifukula ndi manja ndi kuwerenga makoko, mazira osaswa, ndi tiana tofera m'kati. Fungo lake silisimbika, koma mawerengero amenewa ndiwo auza akatswiri ngati gombe liri bwino kapena ai. Ndinaphunziranso chodabwitsa ichi: kutentha kwa mchenga ndiko kusankha ngati kamwana kadzakhala kamphongo kapena kakakazi. Kukapitirira madigiri 29 tichuluka tatikazi, kukachepera tichuluka tamphongo. Chifukwa chake kachisumbu ka Marathonisi, ka mchenga woyera ndi wozizirirapo, kali kofunika ngakhale zisa zake ziri zochepa, makamaka tsopano pamene dziko lirinkutentha. Akatswiri ayerekeza kuti mwa tiana 1,000 kamodzi kokha ndiko kafika pa ukulu.

KWA INU OFUNA KUTUMIZA ANA

Ena a inu muli ndi ana m'makoleji amene adzabwera ndi nkhani yonga iyi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ine ndinena kuti aloleni, koma muyambe mwafunsa zinthu zitatu. Choyamba, kodi nchitoyo iri ya malipiro kapena yophunzira chabe? Yanga inali yophunzira, ndipo ndege ndi chakudya zinatuluka m'thumba la amene ananditumiza. Ndalama ya kumeneko ndi yuro, ndipo pa chisumbu cha alendo zinthu ziri zodula. Ife tinapulumukira mphodza, buledi, tomato ndi mafuta a azitona. Chachiwiri, zonse zilembedwe pa pepala mwana asananyamuke: kogona, maola a nchito, tsiku lopuma, ndi amene adzalipira akadwala. Ndinakomana ndi achinyamata a maiko ena ophunzira nchito m'mahotela, ndipo amene anali ndi pangano lolembedwa ndiwo anali ndi pogwira zinthu zikasintha. Chachitatu, viza ya mlendo siilola munthu kugwira nchito ya malipiro, tsono munthu wokulonjezani nchito ya ndalama pa viza yotere mumchenjerere. Mudziwenso kuti nchito za pa zisumbu ziri za nyengo: pofika Novembala mahotela a ku Laganas atseka zitseko, ndipo eni dziko abwerera kukakolola azitona.

Ine sindinabwere ndi njinga kapena wailesi monga anabwerera agogo athu ku Joni. Ndinabwera ndi kabuku kodzala manambala, manja odziwa kuyeza ndi kulemba chinthu chomwecho m'mawa uli wonse mosadumpha, ndi pakamwa pozolowera kupempha munthu wokwiya popanda kumchititsa manyazi. Zimenezi zidzagwira nchito pa nyanja yathu, kumene asodzi, mahotela ndi nsomba alimbirananso gombe limodzi.

Kamba wamkazi atha zaka zoposa 20 akuyendayenda m'nyanja asanabwere kudzaikira, ndipo abwerera ku dera lomwelo kumene anaswedwa. Tiana timene tinatchingira dzuwa mu Ogasiti, ngati kena kadzapulumuka, kadzafika ine ndiri ndi imvi, ndipo amene adzayeza chigoba chake mwina lero sanabadwe. Chimene kadzapeza pa gombelo, mchenga kapena simenti, chiri m'manja mwa adzukulu a bambo uja wa maambulera, ndi m'manja mwa boma limene liyenera kumva dandaulo lao.

Tsalani bwino nonse, kumene muli pa nchito zanu.